LIWU LOTI 'SQUIRE': CHIYAMBI CHAKE, MBIRI YAKE NDI VUTO LOLIMASULIRA M'CHINYANJA, POYANG'ANA MBIRI YA TAWUNI YA LIVINGSTONE

1.0 Mawu Oyamba

Mphunzitsi aliyense amene anawerengapo ndi ophunzira ake mabuku akale a Chingerezi, monga Silas Marner la George Eliot la mu 1861 kapena Treasure Island la R. L. Stevenson la mu 1883, anakumanapo ndi liwu loti 'squire'. M'buku loyambalo muli munthu wotchedwa Squire Cass, ndipo m'lachiwirilo muli Squire Trelawney. Ophunzira akafunsa kuti kodi munthu wotereyu ndani, yankho lapafupi limakhala lakuti ndi mfumu ya m'mudzi, kapena kuti ndi bwana. Mayankho onse awiri ali ndi mbali yoona, komabe amasiya m'mutu mwa wophunzira chithunzi cholakwika cha mudzi wa ku England. Choopsa kwambiri nchakuti amasokonezanso chithunzi cha ufumu wa kwathu kuno.

M'nkhani ino tili ndi zolinga zitatu. Poyamba tilondola kumene liwuli linachokera ndi m'mene tanthauzo lake linasinthira. Kachiwiri tiona m'mene liwuli ndi maganizo amene limanyamula zinafikira ku Northern Rhodesia. Kachitatu tiyesa mawu a Chinyanja amene anthu amamasulira nawo liwuli, kuti tione amene akufikapo ndi amene akuperewera.

Tasankha tawuni ya Livingstone pa zifukwa ziwiri. Choyamba, tawuniyi inali likulu la boma lachitsamunda kuyambira mu 1907 mpaka mu 1935, kotero kuti mayina aulemu a Chingerezi ankalembedwa ndi kumveka kumeneko kuposa kwina kulikonse m'dzikolo. Chachiwiri, m'tawuniyi Chingerezi chinakumana ndi zinenero zitatu zikuluzikulu, Chitonga, Chilozi ndi Chinyanja, ndipo chilichonse mwa izo chili ndi njira yakeyake yonenera za munthu amene ali ndi mphamvu pa nthaka.

2.0 Chiyambi cha Liwuli

Liwu loti 'squire' ndi chidule cha 'esquire'. Angerezi analibwereka ku Chifalansa chakale, chimene olamulira a dziko la England ankayankhula kwa zaka zambiri William wa ku Normandy atagonjetsa dzikolo mu 1066. Afalansa nawonso analilandira kuchokera ku Chilatini. Mzere wake uli motere:

(1) a. scutum (Chilatini): chishango
b. scutarius (Chilatini): msilikali wa chishango
c. escuier (Chifalansa chakale): wonyamula chishango
d. esquire, squire (Chingerezi)

Mzerewu uli ndi phunziro kwa ofufuza za kamvekedwe ka mawu. Zinenero zochokera ku Chilatini, monga Chifalansa ndi Chipwitikizi, sizinkalola kuti liwu liyambe ndi s wotsatidwa ndi lembo lina lopanda liwu, choncho zinkaika e patsogolo pake. Nchifukwa chake schola anasanduka escola m'Chipwitikizi, ndipo scutum anasanduka escudo. Anyanja a ku Tete ndi ku Niassa amalidziwa bwino liwu lomalizali, popeza escudo inali ndalama ya ku Mozambique mpaka mu 1980 pamene metical inalowa m'malo mwake. Motero ndalama imeneyo ndi Squire Cass ndi apachibale: onse ndi zidzukulu za chishango cha Aroma.

Angerezi alibe vuto ndi malembo awiri otere kumayambiriro kwa liwu, ndipo popeza e uja sankamveka mwamphamvu, anamutaya, natsala ndi 'squire'. Chinyanja chimathetsa vuto lomweli m'njira yachitatu, yolowetsa lembo la liwu pakati:

(2) sukulu, sitolo, sitima, supuni, sipanala

Tikatsata lamulo limeneli, liwu lathuli likanalowa m'Chinyanja likanamveka ngati sikwaya. Koma silinalowe. Anyanja anabwereka kalaliki, mesenjala ndi foromani ku Chingerezi, kapitawo ndi dona ku Chipwitikizi, ndiponso bwana ku Chiswahili, koma sikwaya sanamubwereke. Chifukwa chake tichiona m'gawo lachinayi.

3.0 Kusintha kwa Tanthauzo

3.1 Wonyamula chishango

M'zaka za m'ma 1200 ndi 1300, 'squire' anali mnyamata wa m'banja lolemekezeka amene ankatumikira msilikali wamkulu wa pa kavalo, wotchedwa 'knight'. Ntchito yake inali kunyamula chishango ndi mkondo, kusamala akavalo, kuveka mbuye wake zovala zachitsulo ndi kumuperekera chakudya. Utumiki umenewu unali ngati sukulu, pakuti mnyamatayo ankayembekeza kuti akakhwima adzakwezedwa nayenso kukhala 'knight'. Geoffrey Chaucer, m'buku la The Canterbury Tales la kumapeto kwa zaka za m'ma 1300, akutionetsa 'squire' wa mtundu umenewu, mnyamata wa zaka pafupifupi 20 woyenda ndi bambo ake. Tanthauzo loyambali silivuta kumasulira, chifukwa owerenga Baibulo amadziwa kale za mnyamata wonyamula zida wa Yonatani m'buku la 1 Samueli. M'zikalata za Chilatini za ku England udindowu unkalembedwa kuti armiger, kutanthauza wonyamula zida yemweyo.

Nkoyenera kutchulapo kuti liwu loti 'knight' nalonso linayamba chimodzimodzi. M'Chingerezi chakale cniht anali mnyamata kapena wantchito. Mawu onse awiri anayambira pansi, nakwera pamodzi ndi anthu amene ankatchedwa nawo.

3.2 Mpando wa ulemu

Kukhala 'knight' kunali kodula. Kunkafuna akavalo, zida ndi kugwira ntchito zolemetsa za mfumu. Eni minda ambiri anaona kuti kunali bwino kulipira chindapusa kusiyana ndi kulandira udindowo. Chotsatira chake chinali chakuti panapezeka amuna aimvi, olemera ndi odziwika, amene anakhalabe ndi dzina loti 'esquire' moyo wawo wonse. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1300 liwuli linali litasiya kutchula ntchito, nkuyamba kutchula mpando wa munthu m'dziko. Lamulo la mu 1413 linalamula kuti m'zikalata zina za milandu dzina la woimbidwa mlandu lizitsatidwa ndi mpando kapena ntchito yake, ndipo izi zinathandiza kuti mayina otere akhazikike.

Makwerero ake anali motere: pamwamba panali akalonga okhala m'nyumba ya malamulo yapamwamba, pansi pawo panali 'knight', 'esquire' ndi 'gentleman', pansi pa amenewa panali alimi olima okha minda yawo. Magulu atatu apakatiwo ndiwo ankatchedwa 'gentry'. Liwu ili muzu wake ndi gens wa m'Chilatini, kutanthauza pfuko kapena mtundu, ndipo ganizo lake nlakuti awa ndi anthu a pfuko lodziwika.

3.3 Mwini minda wa kumudzi

Kuyambira m'zaka za m'ma 1600, liwu lalifupi lija, 'squire', linapatuka nkukhala ndi tanthauzo lakelake. Linayamba kutchula munthu amene anali ndi malo aakulu kuposa wina aliyense m'mudzi, wokhala m'nyumba yaikulu ya makolo ake. Ili ndilo tanthauzo la m'mabuku a kusukulu, ndipo ndilo lili mwa Squire Western ndi Squire Allworthy m'buku la Tom Jones la Henry Fielding la mu 1749. Zizindikiro za munthuyu zinali izi:

(3) a. Nthaka inali yakeyake mwalamulo. Ankatha kuigulitsa kapena kuipereka ngati chikole, pokhapokha ngati pangano la m'banja linamumanga manja.
b. Sankagwira khasu. Ankadya ndalama za lendi zimene alimi obwereka minda yake ankalipira.
c. Kawirikawiri ankakhala woweruza milandu ing'onoing'ono wosalipidwa, udindo umene lamulo la mu 1361 linaukhazikitsa.
d. M'midzi yambiri ndiye ankasankha m'busa wa tchalitchi cha Anglican, ndipo banja lake linali ndi mpando wapadera m'tchalitchimo.
e. Ufulu wosaka nyama unali wa iye ndi anzake, pakuti lamulo la mu 1671 linaletsa anthu opanda malo obweretsa mapaundi 100 pachaka kusaka nyama zina monga akalulu ndi nkhwali.

John Bateman, amene anasanthula kalembera wa eni malo wa m'zaka za m'ma 1870, anaika m'gulu la 'squire' anthu okhala ndi maekala 1,000 mpaka 3,000. Chuma chonsechi chinkapita kwa mwana wamwamuna woyamba. Ana aang'ono ankapita ku usilikali, ku ubusa, ku zamalamulo kapena kumaiko olamulidwa ndi Britain. Ndiponso pakati pa 1750 ndi 1850 nyumba ya malamulo, imene eni malo omwewa anali ndi mphamvu m'menemo, inavomereza malamulo ambirimbiri otchinga ndi mipanda malo amene kale anthu wamba ankadyetsako ziweto ndi kutolako nkhuni. Ambiri mwa anthu amenewo anasanduka aganyu. Cha m'ma 1800 kunabadwa liwu lina, 'squirearchy', lonena monyodola za ulamuliro wa eni minda otere.

3.4 Kugwa kwake

Mphamvu za 'squire' zinatha pang'onopang'ono. Mu 1846 malamulo oteteza mtengo wa tirigu wa ku Britain anathetsedwa, ndipo m'zaka za m'ma 1870 tirigu wotchipa wa ku America anagwetsa mitengo ndi lendi yomwe. Mu 1872 anthu anayamba kuvota mwachinsinsi, choncho mwini minda sakanathanso kudziwa amene alimi ake avotera. Mu 1888 ntchito yoyendetsa zigawo inachoka m'manja mwa oweruza osalipidwa aja nkupita kumakhonsolo osankhidwa, ndipo mu 1894 kunabwera msonkho wa pa chuma cha masiye. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inapha ana ambiri a mabanja amenewa, ndipo itatha malo ambiri anagulitsidwa.

Liwu lenilenilo linatsika pamodzi ndi eni ake. 'Esquire' anasanduka chidule chakuti Esq. cholembedwa pa envulopu kumapeto kwa dzina la mwamuna aliyense wofuna kulemekezedwa, ndipo ku United States maloya ndiwo amachigwiritsa ntchito. 'Squire' ku Britain anafika pokhala liwu loitanirana mwanthabwala pakati pa amuna, monga m'mene ife timaitanira mnzathu kuti "bwana" kapena "mfumu" pomwe alibe wantchito kapena mudzi.

4.0 Liwuli ku Livingstone

4.1 Tawuni ya amalonda ndi akalaliki

Azungu oyamba kukhazikika pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya anamanga pa doko la Old Drift, m'mbali mwa Zambezi, pamene malungo anapha ambiri. Njanji yochokera ku Bulawayo inafika pa mathithiwo mu 1904, mlatho unatsegulidwa mu 1905, ndipo tawuni yatsopano inamangidwa pamtunda. Mu 1907 kampani ya British South Africa Company inasamutsira likulu la North-Western Rhodesia kumeneko kuchokera ku Kalomo, ndipo mu 1911, zigawo ziwiri zitaphatikizidwa, Livingstone inakhala likulu la Northern Rhodesia yense. Apolisi, asilikali ndi akalaliki ochokera ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata, ndi ku Nyasaland anathandiza kwambiri kufalitsa Chinyanja m'tawuni imene eni nthaka ake ndi Atoka ndi Aleya a mafumu monga Mukuni, Musokotwane ndi Sekute.

Azungu otchuka a tawuniyi sanali eni minda. Leopold Moore anali wogulitsa mankhwala amene anayambitsa nyuzipepala ya Livingstone Mail mu 1906 nakhala mneneri wa azungu okhazikika potsutsa kampani ija. Elie ndi Harry Susman anali Ayuda ochokera ku Lithuania amene anayamba ndi malonda a ng'ombe ku Barotseland. Ena anali ogwira ntchito ya njanji, amisiri ndi ocheka matabwa a Zambezi Sawmills. Nthaka yozungulira tawuniyi ndi yamchenga ndipo dera lake nlotentha, kotero silinali loyenera minda ikuluikulu. Chimene azunguwa anatengera kwa 'gentry' ya kwawo chinali makhalidwe: makalabu, gofu, kusaka nyama ndi mipikisano ya mabwato pa Zambezi, monga wa mu 1910 pamene Richard Arnst ndi Ernest Barry analimbirana ukatswiri wa dziko lonse. Chidwi chili pakuti Moore, wogulitsa mankhwala uja, anapatsidwa ulemu wa 'knight' mu 1937, mpando woposa wa 'esquire'. Kuno makwerero a ku England anayalidwa mwatsopano, ndipo chimene chinkamuika munthu pamwamba chinali khungu lake.

4.2 Esq. ndi boyi

Mwa matanthauzo onse a liwuli, limene linafika ku Livingstone mokwanira ndi la pa envulopu. Monga mwa mwambo wa Angerezi wa nthawiyo, mzungu waudindo ankalembedwa ndi Esq. kumapeto kwa dzina lake. Munthu wakuda, ngakhale wa ndevu ndi zidzukulu, ankaitanidwa ndi dzina loyamba lokha kapena kuti boyi. Liwu limeneli ndilo linalowa m'Chinyanja, monga m'mawu akuti gadeniboyi, chifukwa ndilo anthu ankalimva tsiku ndi tsiku. Apa tikuona zosiyana ziwiri: ku England mawu otchula mnyamata wantchito anakwera nkukhala aulemu, pamene kuno liwu lotchula mnyamata linagwiritsidwa ntchito kutsitsa akuluakulu.

Kusiyanaku kunalinso m'malamulo. Nyumba ya malamulo imene inayamba kukumana ku Livingstone mu 1924, dzikolo litachoka m'manja mwa kampani, inali ndi aphungu osankhidwa kuyambira mu 1926, koma ovota anayenera kukhala nzika za Britain zokhala ndi chuma. Anthu akuda ankawerengedwa ngati otetezedwa chabe, choncho analibe voti. Mabungwe oona za ubwino wa anthu akuda, monga limene linakhazikitsidwa ku Livingstone cha m'ma 1930, anadandaula kwambiri za tsankho la m'matawuni, ndipo ndiwo anatsegula njira ya ndale zimene zinafikitsa dzikolo pa ufulu mu 1964.

4.3 Nthaka

Pangano la mu 1900 pakati pa kampani ija ndi Litunga Lewanika linatsegula njira yoti azungu apatsidwe mafamu m'dziko la Atoka ndi Aila. Mafamu anandandalika m'mbali mwa njanji, ku Kalomo, Choma ndi Mazabuka, ndipo mu 1928 ndi 1929 boma linapatula malo osungirako anthu akuda, nkusamutsa midzi yambiri. Ena mwa malo amene anthu anachotsedwamo anangokhala thengo chifukwa azungu amene ankayembekezeka sanabwere. Izi zikufanana ndi mipanda ya ku England ija, koma pali kusiyana kwakukulu. Mzungu wa pafamu ankafuna antchito olipidwa pang'ono. Gulu la alimi obwereka minda ndi kulipira lendi ya ndalama, limene linali msana wa 'squire', silinakhazikike.

Munthu mmodzi amene anayesetsa kukhala 'squire' weniweni anali Stewart Gore-Browne. Iye anafika mu 1911 ndi gulu lolemba malire a Northern Rhodesia ndi Congo, naona nyanja ya Shiwa Ng'andu m'dziko la Abemba mu 1914, nabwerera mu 1920 kudzamanga nyumba yaikulu ya njerwa yonga za eni minda a ku England. Anamanganso sukulu ndi chipatala, ndipo chifukwa cha ukali wake antchito anamutcha dzina la chipembere. Analowa m'nyumba ya malamulo mu 1935, chaka chomwe likulu linasamukira ku Lusaka, pambuyo pake naimira zofuna za anthu akuda, ndipo pomaliza anagwirizana ndi chipani cha UNIP. Atamwalira mu 1967 anaikidwa m'manda ndi mwambo wa boma. Moyo wake ukuonetsa nkhope zonse ziwiri za 'squire', kusamala anthu ngati bambo ndi kuwalamulira ngati ana. Koma munthu mmodzi, wokhala kutali chotero ndi Livingstone, sakanachititsa kuti chinenero chibwereke liwu. Apa ndi pamene pagona yankho la funso lathu lija: anthu amabwereka mawu a zinthu zimene akukumana nazo.

5.0 Mawu Omasulira

5.1 Mfumu, nyakwawa, mwini dziko

Kufanana kulipo: onse awiri amaweruza milandu, amalemekezedwa ndipo amakhudzana ndi nthaka. Vuto lagona pa liwu loti mwini. Taonani zitsanzo izi:

(4) a. mwini njinga
b. mwini mbumba
c. mwini maliro
d. mwini mudzi
e. mwini dziko

Mu (4a) mwini akhoza kugulitsa chinthucho osafunsa munthu. Mu (4b) mpaka (4e) sizili choncho. Mwini mbumba ndi mlongo kapena malume amene amayang'anira alongo ake ndi ana awo. Mwini maliro ndi amene udindo wa mwambowo uli pa iye. Chomwechonso mwini mudzi ndi mwini dziko ndi osunga ndi ogawa. Munda ukaperekedwa, banja limaulima ndi kuusiyira adzukulu popanda lendi. Pakati pa Achewa ufumu umatsata mzere wa kuchikazi, kwa mwana wa mlongo, ndipo amayi aakulu a m'banja ali ndi mawu posankha wolowa. Palibe chilichonse mwa izi chimene chikugwirizana ndi (3a) ndi (3b).

Zinenero zina za ku Livingstone zikuchitira umboni mfundo yomweyi. Max Gluckman, amene anatsogolera bungwe la Rhodes-Livingstone Institute m'zaka za m'ma 1940 pamene linali m'tawuniyi, anaonetsa m'buku la Essays on Lozi Land and Royal Property la mu 1943 kuti ngakhale mfumu ya Alozi imatchedwa mwini nthaka, munthu wake aliyense anali ndi ufulu wopatsidwa malo omangapo ndi olimapo, ndipo malo akaperekedwa sankalandidwa mwachisawawa. Elizabeth Colson anapeza kuti pakati pa Atonga a kumtunda munthu wotchedwa ulanyika, mwini dera, anali ndi ulemu ndi udindo wa miyambo koma sankadya lendi. Kwa Mukuni, mayi wa udindo wa Bedyango ali ndi gawo lalikulu pa miyambo ndi pa nkhani za nthaka pamodzi ndi mfumu.

Nkhaniyi ikupyola m'kalasi. Lamulo la mu 1975 linathetsa umwini wamuyaya wa nthaka m'Zambia, ndipo lamulo la malo la mu 1995 linaika nthaka yonse m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, nkuzindikira malo a mafumu, komanso nkulola kuti malo otere asinthidwe kukhala a lizi ya zaka zosapitirira 99 mfumu ndi khonsolo zikavomereza. M'dera longa la Livingstone, kumene magombe a Zambezi amasiriridwa ndi omanga malo ogona alendo, funso lakuti kodi mfumu ndi mwini wa mtundu wa (4a) kapena wa (4e) ndi funso la chakudya cha mabanja. Mwana amene waphunzitsidwa kuti 'squire' ndi mfumu waphunziranso, mosazindikira, kuti mfumu ndi 'squire'.

5.2 Bwana ndi njonda

Liwu loti bwana likugwira bwino ubale wa wolamula ndi wolamulidwa, ndipo mbiri yake ikufanana ndi ya 'squire' pakuti nalonso linatsika mpaka kukhala loitanirana mwachisawawa. Koma silinena kanthu za nthaka kapena za kubadwa. Mkulu wa mu ofesi ndi bwana, wapolisi wa pamsewu ndi bwana. Njonda ndi munthu wooneka bwino, wovala bwino ndi wachuma. Liwuli likuyandikira 'gentleman' wa masiku ano, koma lilibe mudzi, lendi kapena bwalo la milandu.

5.3 Mtsamunda

Liwu limene kapangidwe kake kakuyandikira kwambiri ndi limene ambiri saliganizira. Tikaliphwanya liwu loti mtsamunda tikupeza mphatikiram'mbuyo tsa- ndi dzina loti munda. Tsa- ameneyu amatanthauza mwini kapena woyang'anira, monga m'mawu akuti tsabwalo, woyang'anira bwalo la gule, ndi Tsang'oma, woimba ng'oma ya ku kachisi wa mvula wa ku Msinja. Akuoneka kuti ndi mbale wa sa- wa m'Chishona ndi si- wa m'Chitonga, monga m'mawu akuti sabhuku ndi sibbuku, nyakwawa yosunga buku la msonkho. Motero mtsamunda, potsata mamangidwe ake, ndi mwini munda.

Mbiri ya ku Malawi ikutiuza chifukwa chake liwu lotere linafika potchula olamulira achilendo. Kumapiri a Shire azungu anatenga malo aakulu, ndipo Harry Johnston anawatsimikizira umwini wawo ndi zikalata kuyambira mu 1892. Anthu okhala m'malo amenewo anakakamizidwa kugwira ntchito m'malo mwa lendi. Liwu loti thangata, limene kale linkatanthauza kuthandizana, linasanduka dzina la goli limeneli mpaka pamene linathetsedwa mu 1962. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, woyang'anira wake William Jervis Livingstone anaphedwa pa 23 January 1915 pa kuukira kwa John Chilembwe. Kumeneko, kusiyana ndi ku Livingstone, anthu anakumana maso ndi maso ndi mwini minda wokhala ndi anthu pamalo pake, ndipo chinenero chinali ndi zipangizo zakezake zomutchulira popanda kubwereka.

Komabe sitingamasulire Squire Cass kuti Mtsamunda Cass. Monga momwe 'squire' anachokera pa chishango nkufika pa munda, mtsamunda anachoka pa munda nkufika pa ulamuliro wa dziko, ndipo wabala utsamunda ndi chitsamunda. Wowerenga wa lero akamva liwuli amaona mlendo wolanda dziko la eni, pamene Squire Cass anali mbadwa ya m'mudzi mwake momwemo.

6.0 Mawu Omaliza

Taona kuti liwu loti 'squire' lili ndi matanthauzo anayi otsatana m'mbiri, ndipo maganizo athu ngakuti lililonse limasuliridwe palokha:

(5) a. m'nkhani za nkhondo zakale: mnyamata wonyamula zida
b. m'nkhani za kumidzi ya ku England: mwini minda wamkulu wa m'mudzi, wobwereketsa minda kwa alimi
c. pa kalata, Esq.: a kapena bambo
d. poitanirana mwanthabwala: bwana kapena achimwene

Pa (5b), pamene liwuli lili ngati mbali ya dzina, womasulira alisiye momwe lilili, Squire Cass, nkulifotokoza kamodzi pamene layamba kupezeka. Pa (5c), aphunzitsi a kalembedwe ka makalata akumbutse ophunzira kuti Esq. salembedwa pamodzi ndi Mr. pa dzina limodzi. Olemba mitanthauziramawu ya zinenero ziwiri apewe kuika mfumu, nyakwawa kapena mwini dziko pansi pa liwuli.

Tikupemphanso aphunzitsi, makamaka a m'matawuni a zinenero zambiri monga Livingstone, kuti liwuli likapezeka m'buku asalidumphe. Afunse ophunzira kuti m'Chitonga, m'Chilozi ndi m'Chinyanja munthu wogawa malo amatchedwa ndani, ndi zinthu ziti zimene akhoza kuchita ndi malowo, ndipo ndi ziti zimene sangachite. Ntchito imene Mubanga Kashoki anayamba yofufuza mawu obwereka m'zinenero za m'Zambia ikufunika kuonjezeredwa ndi ina yofufuza mawu amene zinenerozi sizinabwereke, pamodzi ndi mayina a maudindo monga sibbuku, kapitawo ndi mtsamunda amene anabadwa kapena kusintha tanthauzo pa nthawi ya ulamuliro wachilendo.